Bolopeni Yofiira ya pa Bedi Naini

Nkhani iyi musaiyese yopeka. Ine ndinaimva kwa anthu awiri amene sagwirizana pa china chilichonse: mayi wina amene wakolopa m'wodi ya amayi kwa zaka makumi awiri, ndi matroni amene anapuma ntchito chaka chathachi. Awiriwa ngakhale moni amapatsana monyinyirika, koma pa nkhaniyi mawu awo ndi amodzi. Mapepala awiri amene ndikambe pano aliponso mpaka lero. Matroniyo amawasunga mu envulopu pansi pa sutikesi, ndipo ndinawagwira ndi manja angawa.

M'wodi imeneyo munali namwino wamkulu amene aliyense ankawatcha Sisitala Changu. Dzinali analipata chifukwa sankayenda ngati anthu ena, ankachita kuuluka, nsapato zikulira kwe kwe kwe pasimenti. Mtsempha umene anzawo aubaya kasanu osaupeza, iwo ankaupeza kamodzi kokha. Sanali munthu woipa mtima ayi, ndinene chilungamo. Anali munthu wotopa amene anaphunzira kubisa kutopako ndi timachenjerero.

Kuchenjera kumodzi kunali uku. Kumiyendo kwa bedi lililonse kumapachikidwa pepala. Wodwala amene wachokera ku opaleshoni amayenera kuyezedwa BP ndi kugunda kwa mtima maola awiri aliwonse mpaka kucha, nambala zake n'kumalembedwa papepalalo. Koma wodi inali ya mabedi makumi anayi, anamwino ausiku awiri okha, makina oyezera amodzi. Ndiye Sisitala ankayeza kamodzi teni koloko, akaona kuti munthu ali bwino n'kudzaziratu mizere yonse: thwelofu, thu, folo, sikisi. Nambala ankazisinthasintha pang'ono kuti zisafanane ngati mapasa. Namwino aliyense watsopano anaphunzira zimenezi kwa iwo. "Mzere wopanda kanthu ukuchotsetsa ntchito, mwana wanga," ankatero. "Wodzaza palibe amaufunsa."

Zaka makumi awiri ndi zitatu zinatha chonchi. Ngati wina anavulala nazo, palibe amene anazindikira.

Lachiwiri lina pa bedi nambala naini, pafupi ndi zenera lija silitsekeka, anagonekapo mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu, mphunzitsi wa masamu ku pulayimale. Anabwera kudzachotsedwa zotupa m'chiberekero. Anthu ena amabwera ku chipatala ndi Baibulo ndi fulasiki, koma awa anabwera ndi mulu wa makope a ana oti achonge. Zovala zawo zonse zinkamveka fungo la choko. Anali ndi bolopeni yofiira yodina kumutu, ndipo akamaganiza ankaidina, kete kete, kete kete, mpaka odwala anzawo kudandaula.

Opaleshoni inachitika masana, ndipo inayenda bwino. Teni koloko usiku Sisitala anawayeza, napeza zonse zili m'malo mwake. Atayamba kudzaza mizere, anamva mawu ofooka kuchokera papilo.

"Sisitala, pano ndi teni koloko, eti?"

"Eya, aphunzitsi. Gonani."

"Nanga za sikisi koloko mukulemba bwanji? Kwathu ku sukulu mwana wolemba mayankho mafunso asanabwere timamuitanira makolo."

Sisitala anaseka. "Kuno si ku sukulu, mayi. Mtima wanuwu ndi wa mtsikana wa folomu yoyamba. Palibe chimene chisinthe."

Cha m'ma thwelofu koloko aphunzitsi anaitana. "Sisitala, ludzu. Ndikuzizidwa." Nthawi imeneyo n'kuti mayi wa mphumu wa pa bedi la kumapeto akubanika, namwino winayo ataitanidwa ku wodi ya ana. Sisitala anangowaponyera bulangeti akudutsa. "Ndi mankhwala ogonetsa aja, atha pompano."

Patapita ola limodzi aphunzitsi anaitananso, motsitsa kwambiri. Sisitala anamva. Mfundo imeneyi ndi imene inadzawadya moyo pambuyo pake: anamva ndithu. Koma anali atangokhala pampando koyamba chibwerereni, atavula nsapato, mapazi akuwotcha. Mumtima anati, mphindi zisanu zokha. Anadzidzimuka mayi wokolopa akuwagwedeza paphewa, wotchi yapakhoma ikuti 3:20.

Aphunzitsi anali atazizira kale manja. Milomo inali yoyera ngati pepala, mimba itatupa, itauma gwa. Sisitala sanafunike dokotala kuti awauze. Ulusi umene anasokera pa opaleshoni unamasuka mkati, magazi akhala akutayikira m'mimba usiku wonse. Ludzu, kuzizidwa: zizindikiro zimene iwo eni ankaphunzitsa anamwino ophunzira. Akanangokulunga makina padzanja thwelofu koloko, akanaona BP ikutsika, ndipo aphunzitsi akanabwerera ku thiyeta, chipinda cha opaleshoni, nthawi ilipo.

Kenako maso awo anagwera papepala. Linkanena kuti folo koloko, imene inali isanakwane, mtima wa malemuwa unkagunda bwinobwino. Sikisi koloko nayonso chimodzimodzi.

Manja aluso aja sanachedwe. Anazula pepalalo, nalipinda, naliponya m'thumba la yunifolomu. Anatenga latsopano, nalemba teni, thwelofu ndi thu, zonse zabwino, n'kulekera pomwepo. Atatero m'pamene anaimbira dokotala. Mayi wokolopa anaona zonsezi. Anangopitiriza kufinya mopu imene inali itauma kale.

Pepala lakale lija Sisitala anakalitentha kunyumba pa sitovu, phulusa n'kulitaya m'sinki.

Pamsonkhano wounika imfayo dokotala anakanda mutu. Munthu wotaya magazi ochuluka chonchi akhale ndi BP yabwino mpaka thu koloko? Koma pepala linali pepala, ndipo dzanja linali la Sisitala Changu, amene m'chaka chimodzi chokha akanapuma ntchito ndi ulemu wonse. Fayilo inatsekedwa.

Amuna awo a malemu, bambo wa manja amafuta a galaja, anabwera kudzatenga katundu. Anawerenga makope, napinda zovala, kenako anayamba kufunafuna pansi pa bedi.

"Bolopeni yake yofiira simunaione, Sisitala? Ndi yachabechabe, koma sankasiyana nayo."

"Ayi, bambo."

Bamboyo anaima pang'ono, chikwama chili m'manja. "Ndifunseko chimodzi. Anavutika? Anaitana munthu?"

"Anapita ali m'tulo," anatero Sisitala. "Sanamve chilichonse."

Bamboyo anawathokoza mpaka kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Sisitala anamva manyazi amene anali asanawamvepo chibadwireni, koma pakamwa panakhala potseka. Akanati aulule, satifiketi yawo ikanalandidwa, dzina la zaka makumi awiri ndi zitatu likanathera m'matope. Anasankha kukhala chete.

Sabata yotsatira anabwereranso pa ntchito yausiku. Pa bedi naini panalibe munthu, matiresi apulasitiki ali pamtunda. Wodi inali ziii, kupatula diripi ya wina imene inkadontha ndi mpopi wa kubafa umene sutsekeka. Sisitala anali patebulo akulemba lipoti. Mwadzidzidzi fungo la mankhwala okolopera linazimirira, m'malo mwake munabwera fungo la choko, louma, lokanda pakhosi.

Kete kete.

Anakweza mutu. Wotchi inati folo koloko ndendende.

Kete kete.

Makina a BP, amene anawasiya patebulo pambali pawo, sanalipo. Anawamva akulira ku bedi naini, akupopa mpweya. Anatenga tochi. Anapita ku bedilo. Lamba wa makinawo anali atafufuma, atazungulira bwinobwino ngati muli dzanja. Munalibe dzanja.

"Sisitala," mawu anatero chapansipansi, pamene pamakhala pilo. "Folo koloko yakwana. Munalemba kuti ndilipo. Ndabwera."

 Sisitala anabwerera chambuyo mpaka kugunda tebulo, nakhala pomwepo osaphethira. Sikisi koloko, kunja kukuyera kale, mbalame zikulira, makina aja analiranso.

M'mawa popereka lipoti, namwino wamasana anabwera ndi mapepala m'manja. "Sisitala, ndani wachita masewera amenewa?" Papepala lililonse limene Sisitala anadzaziratu usikuwo, nambala ya teni koloko inali yochongedwa ndi inki yofiira. Zotsalazo zonse zinali zothethedwa, mtanda waung'ono waudongo pambali pa nambala iliyonse. Sisitala ananena kuti mwina ndi wodwala wina wosokonekera mutu, nalemba mapepala ena. Akusintha zovala anapisa dzanja m'thumba, nakhudza pepala lopindidwa. Linali lomwe lija analitentha. Linalibe ngakhale banga la utsi. Pansi pake panali mawu amodzi ofiira, m'zilembo zozungulira za mphunzitsi wa ana aang'ono: Konzani.

Kuyambira tsiku limenelo Sisitala anasiya kudzaziratu. Ankayeza wodwala aliyense pa nthawi yake, mpaka mapazi kutupa. Ankaganiza kuti kukonza kwake ndi kumeneko. Koma folo koloko iliyonse fungo la choko linkabwera, ndipo pepala lija, alitenthe, aling'ambe, aliponye m'chimbudzi, m'mawa linkapezeka m'thumba.

Mayi wokolopa ndi amene anawalankhula, tsiku lina ali awiri m'chipinda chotsukira ziwiya.

"Sisitala, inetu sindinapite ku sukulu, koma makutu ndili nawo. Mayi aja ndimawamva nanenso."

"Sindikudziwa chimene mukunena."

"Mukudziwa. Inu mwasiya, chabwino. Nanga ana anu aja, anamwino amene munawaphunzitsa? Usiku umene inu kulibe, mapepala amadzaza teni koloko. Pitani kwa matroni mukanene. Bambo ajanso akauzidwe zoona."

"Ndikanena, ndathera pomwepo."

"Ndiye mwasankha nokha," anatero mayiyo, natenga ndowa yake.

Kawiri konse Sisitala anafika pakhomo la ofesi ya matroni, pepala lili m'dzanja. Ulendo woyamba anamva matroni akuseka pafoni, nabwerera. Ulendo wachiwiri analowa ndithu, nakhala pampando, koma matroni anayamba kukamba za phwando lodzawatsanzikira akamapuma ntchito, kuti akufuna mtundu wanji wa keke. Sisitala anayankha za keke. Kwa anamwino anzawo nakonso sanathe kunena kanthu, chifukwa woletsa chinthu chimene anachiyambitsa yekha amafunsidwa kuti chachitika n'chiyani.

Patatha miyezi inayi, m'mimba mwawo munayamba kupweteka kumanja, pansi pa nthiti. Anali miyala m'ndulu. Dokotala yemwe uja anati ndi opaleshoni yaing'ono, masiku atatu abwerera kunyumba. Anamwino onse anasangalala kuti mayi wawo amusamalira okha. Potuluka ku thiyeta, tulo ta mankhwala tisanathe, anawagoneka pa bedi lokhalo limene linali lopanda munthu. Atatsegula maso madzulo anaona zenera lija silitsekeka.

Wausiku tsiku limenelo anali namwino wina wamtali, mayi wa ana atatu, amene Sisitala anamulandira yekha zaka khumi zapitazo ndipo ankamunyadira kuposa onse. Mnzake wa shifiti sanabwere, mwana wake anadwala. Teni koloko Wamtali anafika ndi makina, nayeza, namwetulira.

"Muli bwino kuposa ine, amayi."

Anatenga pepala, nayamba kulemba. Sisitala anamva bolopeni ikuyenda. Mzere woyamba. Wachiwiri. Wachitatu.

"Iwe," anatero, lilime likulemera. "Undiyeze ndithu. Maola awiri aliwonse."

Wamtali anaseka. "Amayi inu, mwayamba mantha lero? Ndili ndekha ndi mabedi makumi anayi. Si inu munatiphunzitsa? Zaka zonsezi ndani anafa nazo?"

Funso linali limenelo. Yankho linali pamlomo, lalifupi, mawu atatu kapena anayi. Sisitala anayang'ana nkhope ya mwana wawoyo, nkhope imene inkawaona ngati munthu wosalakwa. 

"Palibe," anatero. "Koma uzidutsa."

"Ndizidutsa, amayi. Gonani."

Zotsatirazi zinadziwika kudzera kwa mayi wa pa bedi teni, wothyoka mwendo, amene ululu sunamulole kugona. Mayi wokolopa usiku umenewo anatumizidwa ku wodi ya oyembekezera kumene kunasefukira madzi, ndipo mpaka lero amadzida nazo.

Cha m'ma leveni koloko kunachitika ngozi ya basi, ndipo Wamtali anaitanidwa kukathandiza kolandirira ovulala. Wodi inatsala yokha.

Thwelofu koloko Sisitala anadzuka ndi ludzu. Pakhosi panali pouma ngati mchenga. Kenako kuzizidwa, kuyambira kumapazi. Anaika zala padzanja lawo lomwe. Mtima unkathamanga, wopyapyala ngati ulusi. Anagwira pamimba. Panali polimba.

Anadziwa. Palibe munthu m'chipatala chonsecho amene akanadziwa msanga kuposa iwo.

Anadina belu loitanira anamwino. Belulo linafa zaka zisanu zapitazo, ndipo iwo eni ndi amene ankati bola, linkasokosa. Anayesa kuitana. Mawu anangotuluka ngati mpweya.

Fungo la choko.

Kete kete.

Mpando wa pambali pa bedi unalira, ngati wina wakhalapo. Pepala la kumiyendo linachoka pa msomali wake.

"Thwelofu koloko, Sisitala. Apa alemba kuti muli bwino. Tiyeni tione."

Lamba wa makina anazungulira dzanja lawo, zala zozizira zikumumanga mosamala. Makina anapopa. Anaphwa. Bolopeni inakanda papepala, mizere iwiri yopingasa.

"Aphunzitsi," ananong'ona Sisitala. "Chonde. Itanani munthu."

"Inenso ndinaitana."

"Ndinalakwa. Mawa ndikanena zonse. Kwa matroni. Kwa amuna anu."

"Nthawi yokonza ndinakupatsani," mawuwo anatero, opanda mkwiyo, ngati mmene mphunzitsi amanenera belu likalira. "Miyezi inayi."

Mayi wa pa bedi teni anaona zonsezi mumdima, kudzera pampata wa katani. Anaona munthu wamkazi atakhala pampando, msana uli chilili, pepala lili pamwendo, akuyeza ndi kulemba. Anamva kunong'onezana koma mawu ena okha ndi amene anawagwira bwino. Iye anali ndi mawu amphamvu, akanakuwa wodi yonse ikanadzuka. Koma mumtima anangoti, taonani mwayi wa anthu ogwira ntchito m'chipatala, namwino wawowawo usiku wonse, ife mankhwala a ululu mpaka kupempha. Anatembenukira kukhoma ndi kaduka.

Thu koloko anamvanso makina akupopa.

Kenako kete kete.

Kenako mpopi wa kubafa wokha.

Wamtali anabwerera itadutsa folo koloko, yunifolomu ili magazi a anthu a m'basi. Anayamba ndi bedi naini. Kukuwa kwake kunamveka mpaka ku geti.

Matroni anafika kusanache, natenga pepala la kumiyendo kwa bedi. Nambala za Wamtali, za inki yabuluu, zinali m'mizere yonse mpaka sikisi koloko. Ya teni inali yochongedwa. Ya thwelofu ndi ya thu zinali zothethedwa, ndipo pambali pake wina analemba zoona ndi inki yofiira, BP ikutsika, mtima ukuthamanga. Dokotala ataziona anati nambala zimenezo sizingapekedwe ndi munthu wosayeza, ndipo aliyense woziona thwelofu koloko akanathamangira naye ku thiyeta. Pa mizere ya folo ndi sikisi panali mitanda yokha. Pakati pa thu ndi folo, dzanja lomwelo linalemba nthawi: 3:20.

M'chikwama cha malemu Sisitala, pamwamba pa sopo ndi thaulo, matroni anapeza pepala lina lopindidwa, la dzina la aphunzitsi, la dzanja la Sisitala, lokhala ndi mawu amodzi ofiira pansi pake. Mayi wokolopa atafunsidwa anafotokoza zimene anaona miyezi inayi yapitayo. Wamtali anaulula za kudzaziratu, akulira, natchula ndi amene anamuphunzitsa. Satifiketi yake inalandidwa. Bambo wa galaja uja anaitanidwa, nauzidwa kuti akazi awo anaitana kawiri. Akuti anangopempha kuona zilembo zofiirazo. Ataziona anakhala pansi pasimenti, chifukwa zinali zomwe zija zili m'makope a ana amene amasunga kunyumba.

Wodi yonse inasechedwa, timakabati ta odwala, matiresi, ngakhale mabini. Bolopeni yofiira sinapezeke.

Pamene matroni ankandionetsa mapepalawa, ndinaona chinthu chimodzi chimene sanandiuze. Papepala lakale lija, mawu oti Konzani akadali pomwepo, koma pansi pake pali mzere wina wofiira wowatsindika. Ndinawafunsa ngati unalipo kuyambira kale. Matroni analanda pepalalo m'manja mwanga, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikumva fungo lililonse m'chipindamo.

Iwo, paja, ndi amene ankasayina mapepala onse a m'wodi imeneyo m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo sanafunsepo kuti anamwino awiri amayeza bwanji anthu makumi anayi ndi makina amodzi.